Kuyenda motchipa ku Cambodia: akachisi a Angkor ndi manda a Choeung Ek

Mukagula mbale ya mpunga ndi nyama ya nkhumba yootcha m'mamawa mumsewu wa ku Phnom Penh, likulu la Cambodia, n'kupereka madola 10 a ku America, mayi wogulitsayo akubwezerani chenje cha ndalama ina, ya dziko lake, yotchedwa riel. Amawerengera mumtima kuti dola imodzi ndi ma riel 4,000, ndipo salakwitsa. Mitengo ya zipinda zogona, ya basi ndi ya matikiti olowera ku akachisi imalembedwa m'madola, pamene ya tomato ndi nsomba kumsika imanenedwa mu riel. Dola yanu ikakhala yong'ambika pakona kapena yothimbirira, akukanirani poyera, ngakhale kubanki kwenu anailandira bwinobwino.

Mlendo amangoti ndi chizolowezi cha dzikolo. Koma chizolowezichi chili ndi pochokera. Mu 1975 boma la Khmer Rouge, gulu la chikomyunizimu limene linalanda dziko chaka chimenecho, linathetsa ndalama m'dziko lonse, linatseka misika, ndipo nyumba ya banki yaikulu ya boma inaphulitsidwa. Kwa zaka pafupifupi zinayi kunalibe kugula kapena kugulitsa. Riel inabweranso mu 1980, koma munthu amene anaonapo ndalama zake zikusanduka mapepala otayira m'ngalande sakhulupirira msanga ndalama ya boma. Anthu ankasunga golide, ankasinthana ndi mpunga. Kenaka mu 1992 ndi 1993 kunabwera asilikali ndi ogwira ntchito a bungwe la United Nations oposa 20,000 kudzayendetsa chisankho, matumba ali odzaza madola, ndipo dola inakhazikika kuyambira pomwepo.

Ndayambira pa chenje chifukwa ulendo wa ku Cambodia uli choncho ponseponse. Mufunse chifukwa chake chipinda n'chotchipa, chifukwa chake okalamba ndi ochepa m'misewu, chifukwa chake oimba a pakhomo la kachisi alibe miyendo, yankho limakubwezerani ku zaka zomwezo.

Dziko lake ndi mitengo yake

Cambodia ili pakati pa Thailand, Laos ndi Vietnam. Ndi yaikulu masikweya kilomita 181,035, ndiye kuti Malawi mmodzi ndi theka, ndipo ili ndi anthu pafupifupi 17 miliyoni. Mwa anthu 10 alionse, 9 kapena kuposerapo ndi a mtundu wa Khmer, olankhula chinenero cha dzina lomwelo, ndipo ambiri mwa iwo ndi Abuda. Pali Asilamu ochepa a mtundu wa Cham, komanso anthu ochokera ku Vietnam ndi ku China amene anakhazikikako kalekale.

Mawu oti kutchipa tiwamve bwino. Kwa wolandira makwacha, chodula kwambiri ndi ndege, chifukwa kuchoka ku Lilongwe kapena ku Lusaka muyenera kusintha ndege kawiri, mwina ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, kenaka ku Bangkok. Chiphaso cha mlendo chokhalira masiku 30 ndi madola pafupifupi 30. Mukangotera, m'pamene ndalama imayamba kutalika. Bedi m'chipinda chogona anthu ambiri limapezeka pa madola 5 mpaka 8, chipinda chanuchanu chokhala ndi fani pa madola 10 mpaka 15. Chakudya cha mumsewu ndi dola imodzi ndi theka kapena awiri: kuy teav, womwe ndi msuzi wa m'mawa wokhala ndi zingwezingwe za ufa wa mpunga, kapena bai sach chrouk, mpunga ndi nkhumba uja. Amok, nsomba yophikidwa ndi mkaka wa kokonati m'tsamba la nthochi, imakwererapo pang'ono. Basi yochoka ku Phnom Penh kupita ku Siem Reap, tauni ya pafupi ndi Angkor, mtunda wa makilomita oposa 300, imatenga maola asanu kapena asanu ndi limodzi pa madola 10 mpaka 15. Oyenda mosamala amakwanitsa tsiku ndi madola 25 mpaka 35.

Nyengo yabwino ndi ya November mpaka February, kukakhala kouma ndi kozizirirapo, koma ndi nthawi yomwenso alendo amadzaza ndipo zipinda zimakwera. March ndi April kumatentha ngati ku Nsanje mu October. Mvula imagwa kuyambira May mpaka October, kawirikawiri masana kwa ola limodzi kapena awiri, ndipo wofuna kusunga ndalama asaiope nyengo imeneyi. Mitengo imatsika, ndere pa miyala ya akachisi zimabiriwira, ngalande zimadzaza madzi. Njira ya pamtunda yochokera ku Thailand, imene oyenda motchipa ankaikonda, musaidalire musanafunse, chifukwa mu 2025 mayiko awiriwa anamenyana m'malire ndipo zipata zinatsekedwa.

Angkor

Anthu ambiri amaganiza kuti Angkor ndi kachisi mmodzi. Angkor unali mzinda, likulu la ufumu umene unayamba mu 802 pamene Jayavarman II anadzilengeza kukhala mfumu ya mafumu pa phiri la Kulen, ndipo unakhalapo zaka zoposa 600. Nyumba za anthu, ngakhale ya mfumu imene, zinali za mitengo ndipo zinaola kalekale. Mwala unali wa milungu yokha. Choncho zimene mlendo amaona lero m'dera lotetezedwa la masikweya kilomita 400 ndi akachisi, makoma ndi madamu, ngati mungachotse nyumba zonse mumzinda n'kusiya matchalitchi ndi mizikiti yokha. Mu 2012 akatswiri anauluka pamwamba pa nkhalangoyi ndi makina ounika pansi kudutsa masamba a mitengo, ndipo anaona misewu, maiwe ndi malo a nyumba zoyalana mwadongosolo. Akuti pa nthawi ya ulemerero wake mzindawu unali ndi anthu 700,000 mpaka 900,000.

Angkor Wat, kachisi wamkuluyo, anamangidwa ndi Suryavarman II, amene analowa ufumu mu 1113. Anamumangira mulungu wa Ahindu, Vishnu, ndipo khomo lake linaloza kumadzulo, mosiyana ndi akachisi ambiri a kumeneko. N'chifukwa chake dzuwa limatulukira kumbuyo kwa nsanja zake, ndipo n'chifukwa chake anthu mazanamazana amadzuka 4 koloko m'bandakucha kukaima m'mbali mwa dziwe ndi mafoni m'manja. Ngalande yozungulira kachisiyu ndi yotambalala mamita 190. Nsanja yapakati imafika mamita 65. Miyala yake inachokera ku phiri la Kulen, mtunda wa makilomita pafupifupi 40.

Ine ndikanati kutuluka kwa dzuwa mukuone kamodzi, mukhutire, koma nthawi yanu yeniyeni muithere m'makonde. Makoma ake ndi osemedwa kuchokera pansi mpaka pamwamba. Khoma lina, lotalika mamita pafupifupi 49, likuonetsa milungu ndi ziwanda zikukokana njoka yaikulu yokulungidwa pa phiri, ngati ana akukokana chingwe, pofuna kuvundula nyanja ya mkaka kuti mutuluke mankhwala a moyo wosatha. Khoma lina likuonetsa mfumu Suryavarman mwiniwake ndi asilikali ake, lina zilango za kumoto. Pali zithunzi za akazi akumwamba pafupifupi 1,800, tsitsi lawo lomangidwa mosiyanasiyana. Wothamangira chithunzi cha dzuwa amazidutsa zonsezi osaziona.

Mfumu imene anthu a ku Cambodia amaikumbukira kwambiri ndi Jayavarman VII. Mu 1177 a Cham, ochokera m'dera limene lero ndi Vietnam, anakwera ndi mabwato n'kuwononga Angkor. Jayavarman anawapirikitsa, analowa ufumu mu 1181, ndipo anamanga ngati munthu wodziwa kuti masiku ake ndi ochepa. Iye anali Mbuda. Anamanga mzinda wa mpanda wa Angkor Thom, ndipo pakati pake anaikapo Bayon, kachisi wa nkhope zamwala zoposa 200 zoyang'ana mbali zonse zinayi, zikumwetulira pang'ono. Ta Prohm anamangira mayi ake mu 1186, Preah Khan bambo ake mu 1191. Anamanganso zipatala 102 m'ufumu wonse. Pa makoma akunja a Bayon mupezapo moyo wa anthu wamba: amayi akugulitsa nsomba, amuna akumenyanitsa atambala, mayi akubereka, wina akuotcha nyama.

Ta Prohm ndiye anasiyidwa dala ndi mitengo yake. Mizu ikuluikulu, ina ya mitengo ya mtundu wa kachere, inakwera makoma, inang'amba miyala, ndipo tsopano ndi yomwe ikugwira ina kuti isagwe. Mwala wolembedwa wa pakachisiyu umanena kuti anthu 12,640 ankakhala ndi kutumikira pamenepo, ndipo anthu pafupifupi 80,000 a m'midzi ankalima ndi kupereka zofunika. Chiwerengero chimenechi muchisunge. Kachisi mmodzi ankadya thukuta la anthu okwana tauni yathunthu.

Tikiti ya tsiku limodzi ndi madola 37, ya masiku atatu 62, ya masiku asanu ndi awiri 72. Eni dziko amalowa ulere. Madola awiri pa tikiti iliyonse amapita ku zipatala za ana za Kantha Bopha, zimene zimachiza ana mosalipiritsa. Apa ndi pamene woyenda motchipa amalakwitsa kawirikawiri: amagula ya tsiku limodzi, n'kuthamanga akachisi asanu ndi atatu dzuwa lili pamutu, pofika 2 koloko masana miyala yonse ikuoneka yofanana. Ya masiku atatu ndiyo yotchipa mukawerengera bwino, ndipo simukakamizidwa kuwatsatizanitsa masikuwo. Kuchoka m'tauni ya Siem Reap kufika ku Angkor Wat ndi makilomita 6 okha ndipo njira ndi yosalala, ndiye njinga yakapalasa yobwereka pa madola awiri kapena atatu imakwanira. Wosafuna kupalasa amapangana ndi woyendetsa tuk-tuk, njinga yamoto yokoka kangolo ka denga, pa madola 15 mpaka 20 tsiku lonse. Ku Banteay Srei, kachisi wamng'ono wa mwala wofiirira wa mu 967, wosemedwa mwaluso kuposa onse, n'kutali ndipo amawonjezera. Muvale zobisa mapewa ndi mawondo, apo ayi akubwezani pa makwerero. Amayi asakhudze amonke, omwe ndi ansembe achibuda.

Nkhani yoti Mfalansa Henri Mouhot ndiye anatulukira Angkor mu 1860 musaimvere. Wansembe wa Chipwitikizi António da Madalena anafikako cha m'ma 1586, ndipo amonke achibuda sanachokepo pa Angkor Wat chiyambire. Munthu sangatulukire nyumba imene eni ake akusesamo m'mawa uliwonse.

Madzi, mpunga ndi loto loipa

Mphamvu ya Angkor inali m'madzi. Pafupi ndi mzindawu pali nyanja ya Tonle Sap, imene imachita zodabwitsa. Mvula ikachuluka, mtsinje wa Mekong umadzaza mpaka kukankha mtsinje wa Tonle Sap kuti uyende chobwerera, kulowa m'nyanja m'malo motuluka. Nyanjayo imakula kuchoka pa masikweya kilomita pafupifupi 2,700 kufika pafupifupi 16,000, kuposa theka la nyanja ya Malawi, kenaka n'kuphwa, kusiya nthaka yachonde ndi nsomba zosaneneka. Nsomba zing'onozing'ono amazithira mchere n'kuzisunga m'mitsuko mpaka zitasasa, n'kukhala prahok, ndiwo ya wosauka ya chaka chonse, monga usipa wouma kwathu. Mafumu a Angkor anawonjezera pamenepo madamu akuluakulu. Limodzi, West Baray, ndi lotalika makilomita 8 ndi lotambalala makilomita awiri, lokumbidwa ndi manja, ndipo mpaka lero muli madzi. Kazembe wa ku China, Zhou Daguan, amene anakhalako mu 1296 ndi 1297, analemba kuti anthu ankakolola mpunga katatu kapena kanayi pa chaka.

Ngalandezi zinakula mpaka kuvuta kuzisamala. M'zaka za m'ma 1300 ndi kuchiyambi kwa 1400 kunagwa zilala zazitali zosinthana ndi madzi osefukira, ngalande zinagumuka ndi kudzaza mchenga, ndipo mu 1431 ankhondo a ku Ayutthaya, ku Thailand ya lero, analanda mzindawo. Likulu linasamukira kum'mwera, kufupi ndi Phnom Penh. Zaka zotsatira dzikolo linangopanikizika pakati pa anansi awiri amphamvu, mpaka France inalitenga mu 1863. Ufulu unabwera pa 9 November 1953, pansi pa mfumu Norodom Sihanouk.

Chithunzi cha Angkor Wat chili pa mbendera ya dzikolo. Chinalinso pa mbendera ya Khmer Rouge, nsanja zachikasu pa nsalu yofiira, ndipo apa ndi pamene nkhani ya akachisi imakumana ndi ya manda. Pol Pot, mtsogoleri wa Khmer Rouge, dzina lake lenileni Saloth Sar, anaphunzira ku Paris ndipo atabwerako anali mphunzitsi. Iye ndi anzake ankakhulupirira kuti mtundu umene unamanga Angkor ungathe chilichonse, ndipo kuti chinsinsi chake ndi chomwe chija: madzi ambiri, mpunga wambiri, manja ambiri. Analamula kuti hekitala iliyonse itulutse matani atatu a mpunga, m'dziko limene kale hekitala inkatulutsa pafupifupi tani imodzi.

Gulu lawo linali laling'ono m'nkhalango mpaka nkhondo ya ku Vietnam inasefukira. Kuyambira 1969 ndege za America zinayamba kuponya mabomba kum'mawa kwa Cambodia pofuna asilikali a Vietnam obisala kumeneko, ndipo zinapitiriza mpaka August 1973. Mu March 1970 mkulu wa asilikali Lon Nol anagwetsa Sihanouk, Sihanouk chifukwa cha mkwiyo anagwirizana ndi Khmer Rouge, ndipo alimi ambiri analowa gululo poganiza kuti akumenyera mfumu yawo. Ena analowa chifukwa midzi yawo inali maenje okhaokha.

Pa 17 April 1975 anyamata ovala zakuda, nsapato za matayala kumapazi, analowa mu Phnom Penh. Anthu ena anawaombera m'manja poganiza kuti nkhondo yatha. Tsiku lomwelo analamula kuti aliyense atuluke mumzinda, ati ndege za America zikubwera, mudzabwerera pakapita masiku atatu. Anthu pafupifupi 2 miliyoni anayenda pansi m'mwezi wotentha kuposa yonse, odwala akukankhidwa pa mabedi a chipatala. Masiku atatu aja anakhala zaka zitatu, miyezi isanu ndi itatu ndi masiku 20, ndipo munthu aliyense wachikulire ku Cambodia amachidziwa chiwerengero chimenechi pamtima.

Anthu anagawidwa pawiri: "anthu akale", a kumidzi, ndi "anthu atsopano", ochokera m'matauni, amene ankauzidwa kuti kukusunga si phindu, kukutaya si kuluza. Boma linalibe nkhope, linkangotchedwa Angkar, kutanthauza bungwe, ndipo ankati Angkar ili ndi maso ngati chinanazi, imaona mbali zonse. Sukulu zinatsekedwa, amonke anavulidwa mikanjo, mabanja anapatulidwa, kudya kunali kwa pagulu. Anthu zikwizikwi anakumba madamu ndi makasu, dothi akusenza m'madengu, monga damu la Trapeang Thma kumpoto chakumadzulo ndi lina lotchedwa 1 January ku Kampong Thom. Ngalande zambiri zinakumbidwa popanda wodziwa kayendedwe ka madzi, chifukwa odziwawo anali ataphedwa kapena akubisa kuti anaphunzira. Matani atatu sanapezeke, koma akuluakulu a m'zigawo poopa kuphedwa ankatumizabe mpunga ku likulu, olimawo n'kumamwa phala lamadzimadzi. Wotola chipatso kapena nkhanu payekha ankaweruzidwa ngati wakuba.

Anafa anthu pakati pa 1.5 ndi 2 miliyoni mwa anthu osakwana 8 miliyoni, ena ndi njala, ena ndi matenda, ena kuphedwa. Asilikali ndi ogwira ntchito m'boma lakale anayamba ndiwo, kenaka aphunzitsi, madokotala, oimba. A Cham anakakamizidwa kudya nkhumba ndipo midzi yawo ina inathetsedwa. Otsala a mtundu wa Vietnam anasakidwa mpaka ana.

Sukulu ndi munda wa zipatso

Tuol Sleng ili m'kati mwa Phnom Penh, pakati pa nyumba za anthu, ndipo ukaiona kunja ndi sukulu ya sekondale ngati ina iliyonse: midadada ya nsanjika zitatu, bwalo la udzu, mitengo ya maluwa. Khmer Rouge inaisandutsa ndende yachinsinsi yotchedwa S-21. Woyang'anira wake, Kaing Guek Eav, wodziwika kuti Duch, anali mphunzitsi wa masamu, ndipo anaiyendetsa mwa masamu. Wolowa aliyense ankajambulidwa chithunzi ndi nambala pachifuwa, ankazunzidwa mpaka kulemba chivomerezo choti ndi kazitape wa America, wa Soviet Union kapena wa Vietnam, n'kutchula mayina a anzake, amenenso ankagwidwa. Khoti limene linadzazenga milanduyi pambuyo pake linatsimikiza mayina a akaidi oposa 12,000, ndipo ofufuza ambiri amaika chiwerengero pafupi ndi 18,000. Opulumuka anali owerengeka pa zala, monga Vann Nath, amene anasiyidwa moyo chifukwa ankadziwa kujambula nkhope ya Pol Pot. Zithunzi zimene anajambula pambuyo pake, zoonetsa zimene anaona, zili pa makoma a ndendeyo.

Chimene alendo ambiri sayembekezera n'chakuti ochuluka mwa akaidi a S-21 anali a Khmer Rouge omwe, ndi akazi awo ndi ana awo. Mpunga ukalephera, Angkar inkati pali adani m'kati, ndipo inkadya ana ake. Ena mwa nkhope zimene mukuzimvera chisoni pa khomapo anali alonda a ndende yomweyo mwezi wapitawo. Alonda ambiri anali ana a zaka zosakwana 20.

Usiku akaidi ankatengedwa pa lole kupita ku Choeung Ek, makilomita pafupifupi 15 kunja kwa mzinda, kumene kale kunali munda wa zipatso ndi manda a anthu a ku China. Zipolopolo zinali zodula, ndiye ankapha ndi makasu, nkhwangwa ndi zitsulo za ngolo, chimkuzamawu chopachikidwa mumtengo chikuimba nyimbo za chipani kuti kulira kusamveke. Makanda ankamenyetsedwa pa mtengo, chifukwa ankati pozula udzu uzule ndi mizu yomwe. Mwa maenje 129, anafukula 86 ndipo anapeza mitembo pafupifupi 9,000. Zigaza zoposa 5,000 zili m'nsanja ya magalasi imene inamangidwa mu 1988. Mvula ikagwa, nthaka imatulutsabe tizidutswa ta mafupa ndi nsanza, ndipo osamala malowo amatola. Choeung Ek ndi amodzi chabe. Bungwe la Documentation Center of Cambodia linapeza maenje otere pafupifupi 20,000 m'dziko lonse, ndi ndende pafupifupi 200. Mu 2025 UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika Tuol Sleng ndi Choeung Ek pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse, womwewo umene Angkor inalowapo mu 1992.

Malo onse awiri amalipiritsa madola ochepa, ndipo pali kachipangizo ka m'makutu kofotokoza malo ndi malo, mmene muli mawu a opulumuka. Ku Tuol Sleng kachipangizoka n'kolipira padera. Apa musaumire. Popanda iko mungoona maenje omera udzu ndi zipinda zokhala ndi mabedi achitsulo. Oyendetsa tuk-tuk amakonda kukutengerani konse kuwiri m'mawa umodzi, koma ndi katundu wolemera kwa tsiku limodzi, ndipo ngati muli ndi nthawi mugawe. Woyendetsa wanuyo, ngati wapitirira zaka 50, ayenera kuti ali ndi wake amene anatsala m'zaka zimenezo. Akayamba yekha kukamba, mvetserani. Akapanda kuyamba, musamufunse ngati mukufunsa njira ya kumsika.

Chilungamo chochedwa

Amene anathetsa zonsezi ndi Vietnam, imene inalowa pa 25 December 1978 itatopa ndi kuukiridwa m'malire, n'kulanda Phnom Penh pa 7 January 1979. Chotsatira chake n'chochititsa manyazi. Popeza Vietnam inali bwenzi la Soviet Union, mayiko a China, America, Britain ndi Thailand sanafune kuvomereza boma latsopanolo, ndipo Khmer Rouge, poyamba yokha kenaka pamodzi ndi magulu ena, inasungabe mpando wa Cambodia ku United Nations zaka zonse za m'ma 1980. Nkhondo inapitirira m'malire a Thailand. Asilikali a Vietnam anachoka mu 1989, pangano la mtendere linasainidwa ku Paris pa 23 October 1991, chisankho chinachitika mu 1993, koma zigawenga zomaliza za Khmer Rouge zinagonja kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Pol Pot anafera ku Anlong Veng mu April 1998 osaonekera m'khoti lenileni, ndipo mtembo wake unatenthedwa pa mulu wa matayala ndi zinyalala.

Khoti lapadera la boma la Cambodia ndi United Nations linayamba ntchito mu 2006, linadya madola oposa 300 miliyoni, ndipo linagamula anthu atatu. Duch anapezeka wolakwa mu 2010 ndipo anamwalira mu 2020 akadali mkaidi. Nuon Chea, wachiwiri kwa Pol Pot, ndi Khieu Samphan, amene anali mtsogoleri wa dziko, anapezeka olakwa mu 2014, kenaka mu 2018 pa mlandu wofuna kufafaniza mtundu wa anthu. Ieng Sary, amene anali nduna ya zakunja ya Khmer Rouge, anamwalira mu 2013 mlandu usanathe. Boma silinafune kuti khoti lipitirire kwa ena, ndipo chifukwa chake sichovuta kuchiona: Hun Sen, amene analamulira kuyambira 1985 mpaka 2023 n'kusiyira mwana wake Hun Manet, nayenso anali msilikali wa Khmer Rouge asanathawire ku Vietnam mu 1977. M'midzi yambiri wopha ndi wophedwera amagula pa msika umodzi. Nkhani za ndale za lero musaziyambe ndi munthu amene simukumudziwa, chifukwa inu mukwera ndege, iye atsala.

Bwampini wa ku Morogoro

Nkhondo ija inasiya mabomba okwirira pansi mamiliyoni angapo, makamaka m'malire a Thailand. Chiyambire 1979 aphedwa kapena kuvulazidwa nawo anthu oposa 60,000. Oimba amene mumawapeza atakhala pamphasa m'njira yolowera ku Ta Prohm, miyendo yopanga ili pambali, ndi ena mwa iwo. Dera la Angkor linayeretsedwa, koma kumidzi yakutali musapatuke panjira yopondedwa, ndipo chikwangwani chofiira cha chigaza muchilemekeze.

Mwa ogwira ntchito yochotsa mabombawa muli mnzathu amene kwathu timamudziwa ngati mdani wa nkhokwe kapena ndiwo: bwampini. Bungwe la APOPO limaphunzitsa makoswe akuluakuluwa ku Morogoro, m'dziko la Tanzania, kununkhiza mankhwala a bomba. Ndi opepuka moti bomba siliphulika akaliponda, ndipo akapeza amakanda pansi n'kulandira nthochi kapena mtedza. Anagwirapo ntchito ku Mozambique, dziko limene linalengezedwa kuti latha mabomba otere mu 2015. Ku Cambodia, bwampini wina dzina lake Magawa anapeza mabomba okwirira 71 ndi zophulika zina 38, ndipo mu 2020 anapatsidwa mendulo ya golide ndi bungwe la ku Britain losamala nyama. Ku Siem Reap kuli malo amene amaonetsa alendo mmene makoswewa amagwirira ntchito. Munthu wa ku Dedza kapena ku Chipata akhoza kuseka pang'ono kuona azungu akulipira kuti anyamule bwampini.

Ponenerera ndi posanenerera

Zinthu n'zotchipa ku Cambodia chifukwa ntchito ya munthu ndi yotchipa. Dziko limene linataya aphunzitsi, madokotala ndi amisiri ake m'zaka zinayi, n'kukhalanso pa nkhondo zaka zina 20, linayambira pansi penipeni. Malipiro otsikitsitsa a osoka zovala m'mafakitale, ntchito imene imabweretsa ndalama zambiri zakunja, anali madola 208 pa mwezi mu 2025. Mabanja ambiri ali ndi ngongole za mabungwe obwereketsa ndalama, chikole chake ndi munda. Ndiye kunenerera kumsika wa nsalu ndi zosema n'koyenera, wogulitsa amayembekezera zimenezo ndipo amayambira pamwamba. Koma kulimbana ndi woyendetsa tuk-tuk pa theka la dola atakudikirirani padzuwa maola asanu ndi atatu, ine ndimakuona ngati kuba. Ndalama yanu imafika kwa eni dziko mukagona m'nyumba ya alendo ya banja, kudya pamsika, ndi kulemba wokuperekezani wa chiphaso tsiku limodzi kuti akuwerengereni makoma aja.

Pali zina zimene zimaoneka ngati chifundo koma n'zowononga. Mukaitanidwa kukaona nyumba ya ana amasiye, kanani. Ambiri mwa ana a m'nyumba zotere ali ndi kholo lamoyo, ndipo anachotsedwa kumudzi chifukwa alendo amapereka ndalama akaona mwana wosauka akuvina. Mwana wogulitsa zithunzi pa kachisi nthawi ya sukulu, mukamugula mwauza makolo ake kuti mawanso asapite.

Mudziwenso kuti bata limene mukulimva pa Angkor lili ndi mtengo wake. Kuyambira 2022 boma lasamutsa mabanja pafupifupi 10,000 m'dera la akachisi kupita ku malo atsopano monga Run Ta Ek. Boma likuti anapita mwa kufuna kwawo pofuna kuteteza malowo, pamene bungwe la Amnesty International linati mu 2023 ambiri anachita kuopsezedwa. Ndipo ziboliboli zopanda mitu zimene mukuziona, zambiri sizinadulidwe kalekale. Zinabedwa m'zaka za nkhondo n'kugulitsidwa kunja. Wogulitsa wina wa ku Britain, Douglas Latchford, anatsegulidwa mlandu ku New York mu 2019 koma anamwalira mu 2020 usanazengedwe, ndipo zambiri zimene zinadutsa m'manja mwake zabwezedwa ku Phnom Penh m'zaka zaposachedwa.

Ulendo wanu ukagwa mu September kapena October mudzakumana ndi Pchum Ben, masiku 15 okumbukira akufa. Anthu amakhulupirira kuti pa nyengoyi mizimu imamasulidwa kudzafuna chakudya kwa abale ake, ndipo imayendayenda mpaka akachisi asanu ndi awiri. Ikapanda kupeza kanthu imabwerera ndi mkwiyo. Choncho m'bandakucha anthu amazungulira kachisi wa m'mudzi akuponya timibulu ta mpunga mumdima, ndipo kukacha amabweretsa chakudya kwa amonke. Mabanja ambiri sadziwa dzenje limene bambo kapena mlongo wawo anaponyedwa, ndiye amapereka ku akachisi angapo kuti mwina kumodzi akapezako. Kumapeto kwa nyengoyi kumakhala tchuthi cha masiku atatu. Mabasi amadzaza, mitengo yake imakwera, malo odyera ambiri amatseka, ndipo Phnom Penh imatsala pafupifupi yopanda anthu chifukwa onse apita kumudzi. Tikiti ya basi mugule kutatsala sabata.